Kukagwira unamwino wa ana ku UK, ndi kuliona dzikolo pa masiku a ofu

Anamwino anzanga akandilembera kuchokera kumudzi, funso loyamba limakhala la malipiro. Ndimalimvetsa, chifukwa aliyense amene anachezerapo usiku m'wodi ya ana nthawi ya dzinja, malungo atavuta, ana awiriawiri pabedi limodzi, amadziwa kuti thukuta lake silifanana ndi zimene zimalowa ku banki mwezi ukatha. Koma ndaona kuti chimene chimachititsa munthu kukhalitsa kuno, kapena kubwerera mtima utasweka, si malipiro. Ndi khomo limene analowera, komanso zimene amachita ndi masiku amene sali pa ntchito. Ndiye ndayala ndondomeko yonse, kuyambira pa mapepala a kwathu mpaka pa tikiti ya sitima ya tsiku la ofu. Malamulo ndi mitengo zimasinthasintha, choncho chilichonse chokhudza ndalama kapena viza muzichitsimikiza pa tsamba la NMC, bungwe lolembetsa anamwino ku UK, ndi la boma la gov.uk musanatulutse kobiri.

Choyamba, dziwani pamene dziko lathu laima

Bungwe la WHO lili ndi mndandanda wa mayiko amene ali ndi ogwira ntchito zachipatala ochepa kwambiri, ndipo Malawi alipo. Mu 2023 Zambia ndi Zimbabwe anawonjezeredwanso. Boma la UK limatsata mndandandawu, limautcha red list, ndipo limaletsa zipatala ndi maejenti kupita m'mayikowa kukakopa anamwino. Chimene sichiletsedwa n'chakuti inuyo, mwa kufuna kwanu, muone ntchito yolengezedwa n'kuifunsira nokha kwa olemba ntchito.

Mukagwira mfundo imeneyi mwapulumuka kwa madobadoba. Munthu amene akukulonjezani pa WhatsApp kuti ali ndi malo ku NHS, zipatala za boma za ku UK, bola mutumize mamiliyoni angapo, akuswa lamulo kapena akunama, ndipo nthawi zambiri akuchita zonse ziwiri. Ku UK lamulo silimulola ejenti kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito, ndipo chikalata cha olemba ntchito chimene chimafunika pa viza sichigulitsidwa. Alipo anzathu amene anagulitsa malo a makolo chifukwa cha mapepala abodza.

Mndandandawu sunangolembedwa. Ana a kwathu akusowadi anamwino, ndipo aliyense amene wachoka amasiya mpata umene anzake otsala amaumva m'miyendo. Sindinganene kuti musapite, popeza inenso ndili kuno. Koma ngati boma kapena chipatala cha mishoni chinakulipirirani sukulu ndipo munasaina kuti mugwira zaka zakuti, malizani zakazo, muchoke mwatsanzika bwino. Makalata okuikirani umboni adzachokera kwa mabwana omwewo.

Chachiwiri, onani ngati maphunziro anu akukwana, ndipo sankhani gawo la ana mwadala

Bungwe limene limalembetsa anamwino ku UK ndi Nursing and Midwifery Council, NMC mwachidule. Kaundula wake wa anamwino ali ndi magawo anayi: akuluakulu, ana, matenda a maganizo, ndi anthu ovutika kuphunzira. Kwathu sitinazolowere zimenezi, chifukwa namwino mmodzi amatha kukhala ku wodi ya abambo chaka chino, ya ana chaka chamawa, kenako ku matenite. Kuno mayeso amene mwalemba ndi amene amakuikani m'gawo. Mukalemba a akuluakulu chifukwa ndi amene anzanu ambiri akuwerengera, mudzapeza kuti mawodi ambiri a ana akufuna munthu wa gawo la ana, ndipo kusintha pambuyo pake ndi ulendo wina wautali. Ngati mtima wanu uli pa ana, ndipo maphunziro ndi zaka zanu za ntchito zikuchitira umboni, nenani zimenezo kuyambira pa fomu yoyamba.

NMC imafuna munthu amene analembetsedwa ngati registered nurse. Ngati ndinu technician, yambani mwakweza kaye maphunziro kwathu konko. Ngati muli ndi digiri ya unamwino wa ana ya ku Kamuzu University of Health Sciences, kapena munagwira nthawi yaitali ku nesale, ku wodi ya ana onyentchera, ku chipinda cha ana odwalitsa, sonkhanitsani umboni wake wonse.

Mapepala oti muyambe kuwasaka lero ndi pasipoti yotsala ndi zaka zokwanira, satifiketi ya sukulu, chiphaso chanu cha Nurses and Midwives Council of Malawi cholipiridwa mpaka chaka chino, ndi kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Dzina likhale lofanana paliponse. Ngati munakwatiwa n'kusintha dzina, satifiketi ya ukwati ikhale pafupi, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chimatha kuimitsa zonse kwa milungu.

Chachitatu, Chingerezi

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa, chifukwa tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale ndipo timaona ngati n'chipongwe kutiyesanso. Komabe njira imene ambiri a ife timadzera ndi mayeso, IELTS Academic kapena OET. Pa IELTS pamafunika 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, 6.5 pa kulemba, ndipo zonse pamodzi zikwane 7. Pa OET pamafunika B pa zitatu zija ndi C+ pa kulemba. Zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri, ndiye musalembe msangamsanga zina zonse zisanakonzeke.

Ine ndimalangiza OET kwa amene angathe kuipeza, chifukwa nkhani zake n'za m'chipatala: kulemba kalata yotumiza wodwala, kulankhula ndi mayi amene mwana wake watentha thupi. IELTS imatha kukufunsani za zomangamanga kapena za mbalame za m'nyanja. Kaya musankha iti, chimene chimagwetsa anthu si galamala koma nthawi. Yesererani ndi wotchi patsogolo, ndipo muzimvetsera mawailesi a ku Britain, chifukwa kalankhulidwe ka munthu wa ku Glasgow kapena Liverpool si kaja tinkamva kwa aphunzitsi athu.

Chachinayi, fomu ya NMC ndi mayeso a pa kompyuta

Mumatsegula akaunti pa tsamba la NMC, n'kulipira kuti aone ngati maphunziro anu ndi oyenera. Iwo amalemberana ndi khonsolo ya kwathu kuti itsimikize za inu, ndiye pitani nokha ku ofesi ya khonsolo ku Lilongwe mukaonetsetse kuti uthenga wafika ndipo wayankhidwa. Kwa zaka zingapo tsopano mitengo yakhala motere: mapaundi 140 oona mapepala, 83 a mayeso a pa kompyuta, 794 a mayeso ochita ndi manja otchedwa OSCE, ndi 153 olowera m'kaundula. Zipatala zambiri za NHS zimalipira kapena kubweza zina mwa ndalamazi, choncho sungani lisiti lililonse.

Mayeso a pa kompyuta, CBT, amalembedwa m'malo ovomerezeka a Pearson VUE, ndipo mutha kulemba musanapite ku UK. Ali ndi mbali ziwiri: masamu a mankhwala, mafunso 15 m'mphindi 30, ndi mafunso 100 a ntchito ya unamwino m'maola awiri ndi theka. Kwa ife a ana masamu ndiye mtima wa ntchito, popeza pafupifupi mankhwala onse amayendera kulemera kwa mwana. Mwana wa makilogalamu 12 walemberedwa paracetamol 15 mg pa kilogalamu, ndiye kuti 180 mg. Botolo likunena 120 mg mu 5 ml, ndiye mupereka 7.5 ml. Muzichita zoterezi tsiku ndi tsiku mpaka dzanja lizolowere, pamodzi ndi kuwerengera madzi a m'diripi. Werenganinso The Code, kabuku ka NMC ka khalidwe la namwino. Mafunso ambiri sakufunsa zimene mungachite kwathu mankhwala atatha, akufunsa zimene lamulo la kuno likufuna.

Chachisanu, ntchito, kontirakiti ndi viza

Ntchito za ku England ndi Wales zimalengezedwa pa NHS Jobs ndi Trac, ndipo Scotland ili ndi tsamba lakelake. Zipatala za ana zodziwika ndi monga Great Ormond Street ndi Evelina ku London, Alder Hey ku Liverpool, Birmingham Children's Hospital, Sheffield Children's, Royal Manchester Children's Hospital, Great North Children's Hospital ku Newcastle, ndi Royal Hospital for Children ku Glasgow. Koma musangoyang'ana maina akuluakuluwa. Chipatala wamba cha tawuni yaing'ono chimakhala ndi wodi ya ana ndi nesale, lendi imatsika, ndipo munthu umaphunzira matenda osiyanasiyana. London imawonjezera kangachepe pa malipiro, koma nyumba imadya zonse.

Polemba fomu, musanyoze zimene mukudziwa. ETAT, njira yosankhira ana odwalitsa kuti athandizidwe msanga, inakulira ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre isanafalikire m'mayiko ena. Bubble CPAP yothandiza khanda kupuma mwaigwiritsa ntchito, kangaroo, njira yofungatira khanda pachifuwa, mwaphunzitsa amayi osawerengeka, mwana wokomoka ndi malungo mwamutsitsimutsa dokotala ali kutali. Fotokozani nkhani imodzi kapena ziwiri zenizeni, zimene munaona, zimene munachita, ndi zimene zinatsatira, osatchula dzina la mwana.

Kontirakiti ikabwera, iwerengeni yonse musanasaine, makamaka ndime yonena za ndalama zimene mudzabweze mukachoka msanga. Funsani kuti ndi zingati, zikuchepa bwanji chaka ndi chaka, ndipo zikuphatikiza chiyani. Funsaninso kuti akupatsani nyumba kwa nthawi yaitali bwanji, akuphunzitsani OSCE masiku angati, ndipo mudzalandira zingati musanapeze PIN, nambala imene NMC imakupatsani mukalowa m'kaundula. Nthawi zambiri munthu amayamba pa mlingo wa malipiro wa Band 3 kapena 4, n'kukwera pa Band 5 akalowa m'kaundula. Safunsa anadya phula, ndipo olemba ntchito abwino sakwiya ndi mafunso amenewa.

Mukavomera, amakupatsani Certificate of Sponsorship, ndipo ndi imeneyo mumafunsira Health and Care Worker visa. Viza imeneyi siilipiritsa ndalama ya pachaka ya zaumoyo imene alendo ena amalipira. Pamafunika satifiketi yoti mulibe chifuwa chachikulu, yochokera ku chipatala chimene boma la UK linavomereza osati china chilichonse, ndi kalata ya apolisi ya dziko lililonse limene munakhalako miyezi 12 kapena kuposerapo m'zaka 10 zapitazi. Namwino amaloledwa kubweretsa mwamuna kapena mkazi wake ndi ana, koma ambiri amayamba okha mpaka PIN ndi nyumba zitapezeka, ndipo ndikuona kuti n'zanzeru. Ndege yachindunji kulibe: mumadzera Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Masatifiketi enieni akhale m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi juzi yolemera.

Chachisanu ndi chimodzi, OSCE

Awa ndi mayeso ochita ndi manja, ndipo amachitikira ku UK kokha, m'malo amene NMC inavomereza. Lamulo la viza limafuna kuti muyese koyamba pasanathe milungu 12 chiyambireni ntchito. Muli masiteshoni 10. Anayi amatsata wodwala mmodzi: kumuyeza, kukonza chisamaliro, kupereka mankhwala, ndi kuunika zotsatira. Anayi ndi a luso la manja, ndipo awiri ndi olemba, a khalidwe la namwino ndi a kugwiritsa ntchito umboni wa kafukufuku.

Amene amalephera nthawi zambiri si osadziwa ntchito. Ndi anamwino akale amene manja awo amathamanga kuposa pakamwa. Woyesa sangakupatseni malikisi pa chimene mwachita mumtima. Nenani mokweza kuti mukusamba m'manja, kuti mukuona kachibangili ka dzina, kuti mwafunsa ngati mwana amadana ndi mankhwala ena, kuti mwaona tsiku lothera mphamvu pa botolo. Lankhulani ndi chidole ngati mwana weniweni, ndipo musaiwale kholo limene lakhala pambali. Mukalephera siteshoni ina mumabwereza yomweyo basi, si mapeto a dziko.

Chachisanu ndi chiwiri, miyezi yoyamba m'wodi

Shifiti yaitali imakhala ya maola 12 ndi theka, ndipo ku England sabata ya ntchito ndi maola 37.5, kutanthauza masiku atatu, nthawi zina anayi. Malangizo a Royal College of Nursing amati namwino mmodzi asamalire ana atatu osakwana zaka ziwiri, kapena anayi okulirapo. Munthu wochokera kwathu akamva zimenezi amaseka, koma sabata yoyamba imamuphunzitsa kuti ana anayi a kuno amatopetsa mwa njira ina.

Tengani usiku wa mu Disembala. M'kachipinda kam'mbali muli khanda la miyezi iwiri lodwala bronchiolitis, matenda a tinjira ta mpweya ta m'mapapo, timachubu ta mpweya m'mphuno, kachubu ka mkaka kotsikira m'mimba. Ola lililonse muwerenga kapumidwe, muona ngati nthiti zikulowa, mulemba pa tchati cha PEWS chochenjeza msanga matenda akamakula, ndipo nambala ikakwera pali munthu woti mumuitane m'mphindi zoikika. Musanapereke mkaka muyesa kaye ngati kachubu kali m'malo mwake. Mayi wagona pa kabedi kopinda pambali, foni m'manja, wawerenga kale zonse pa intaneti, ndipo akufuna kudziwa chifukwa chimene mwakwezera mpweya. Si gadiyani woti mungomuuza kuti adikire panja. Ali ndi ufulu wofunsa, ndipo kufotokoza bwino ndi theka la ntchito yanu. Chilichonse mwachita mulembe, chifukwa kuno chosalembedwa chimatengedwa kuti sichinachitike.

Chimene chimapweteka ambiri n'chakuti sakulolani kuika kanyula kapena kupereka mankhwala a mumtsempha mpaka atakuphunzitsani n'kukusainirani, ngakhale kwathu munkapeza mtsempha wa khanda louma ndi tochi ya foni. Musalimbane nazo. Pemphani tsiku la maphunzirowo msanga, luso lanu lidzaoneka lokha. Mankhwala ambiri a ana amaonedwa ndi anamwino awiri, ndipo buku lake ndi BNF for Children.

Matenda ake ndi ena: mphumu, shuga wa ana, khunyu, ana olumala amene amadyera m'chubu moyo wawo wonse, ndi achinyamata amene adzivulaza okha kapena asiya kudya. Gulu lomalizali ambiri a ife sitinalikonzekere, ndipo limalemera pamtima. Koma mwana wa sickle cell akabwera akulira ndi ululu, kapena wina watentha thupi atangobwera kuchokera ku Africa, maso anu ndi amene amaona msanga. Nenani molimba mtima kuti ayeze malungo.

Nkhani ya kuteteza ana, imene amati safeguarding, itengeni mozama. Khanda losakwawa likapezeka ndi chipsera, simuweruza nokha, mumauza wamkulu wanu nthawi yomweyo. Lamuloli limafikanso kunyumba kwanu: ku Scotland kuyambira 2020 ndi ku Wales kuyambira 2022 kumenya mwana n'koletsedwa kotheratu, ndipo kulikonse nkhani yotere itha kukuchotserani PIN. Lowaninso bungwe la ogwira ntchito, Royal College of Nursing (RCN) kapena UNISON, mwezi woyamba womwewo. Tsankho lilipo, la mawu obisika ndi la kagawidwe ka ntchito, ndipo likachitika lembani tsiku ndi zimene zanenedwa, mupite nazo kwa okuimirirani.

Tsopano masiku a ofu

Rota, ndandanda wa mashifiti, ikatuluka mudzaona masiku atatu kapena anayi opanda kanthu sabata iliyonse, ndipo foni idzayamba kulira kuti pali mashifiti owonjezera. Kumudzi nako mauthenga sadzatha: fizi, feteleza, malata, maliro. N'zosavuta kugulitsa tsiku lililonse la ofu, ndipo ndaona anzathu atha zaka kuno akudziwa msewu umodzi wokha, wochoka kunyumba kupita kuchipatala. Ndikunena ndi mtima wonse kuti zimenezi zimadwalitsa. Ntchito ya ana imafuna munthu woti akhoza kumwetulira mwana wamantha pa ola la khumi ndi chimodzi la shifiti, ndipo namwino wotopa ndi amene amalakwitsa masamu a mankhwala. Ikani lamulo lanu: ndalama yotumiza kumudzi ikhale yodziwika pa mwezi, abale aidziwe, ndipo sabata iliyonse pakhale tsiku limodzi losagulitsa.

Tsiku lotsatira mashifiti a usiku si loyenda, ndi logona, kuchapa ndi kuphika. Ulendo uikeni pa tsiku lachiwiri. Rota imatuluka milungu ingapo nthawi isanakwane, ndipo mumaloledwa kupempha masiku ena, choncho pemphani awiri kapena atatu otsatizana kamodzi pa mwezi. Mwayi wa ife a mashifiti ndi wakuti ofu yathu imagwa Lachiwiri kapena Lachitatu, pamene sitima ndi malo ogona zatsika mtengo ndipo kulibe chikhamu cha anthu.

Yambani pafupi. Mwezi woyamba yendani wapansi m'tawuni yanu, mupeze paki, laibulale, msika, tchalitchi kapena mzikiti, ndi shopu ya Aafirika kumene kuli ufa, nyemba, therere ndi nsomba zouma. Khadi la laibulale ndi laulere, ndipo nthawi yozizira muli motentha. Kenako kwerani basi mpaka kumene imathera, muone.

Za matikiti zili motere. Sitima ya kuno ndi yodula mukagula tsiku lomwelo, koma tikiti ya Advance yogula milungu ingapo m'mbuyo imatsika kwambiri, kungoti imagwira pa sitima ya ola limenelo lokha. Railcard imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo: ilipo ya azaka 26 mpaka 30, ilipo Two Together ya anthu awiri oyenda limodzi, ndi Network Railcard ya chigawo cha London ndi kum'mwera chakum'mawa. Mabasi a National Express ndi FlixBus amachedwa koma ndi otsika mtengo. Blue Light Card, imene ogwira ntchito ku NHS amaloledwa kukhala nayo, imachotsera m'mashopu ndi m'malo ambiri ochezera. Tengani kamba wanu ndi tiyi wa m'fulasiki, chifukwa chakudya cha pa siteshoni chimatha ndalama ya ulendo wina.

Mmalawi aliyense ndimamuuza kuti apite ku Blantyre wa ku Scotland. Kuchokera ku Glasgow Central ndi mphindi pafupifupi 20 pa sitima, kenako mumatsetsereka wapansi kulowera ku mtsinje wa Clyde. Pamenepo pali nyumba yoyera yosanja yotchedwa Shuttle Row, mmene David Livingstone anabadwira mu 1813. Mukalowa m'chipinda chimodzi chimene banja lonse linkakhalamo, mabedi olowa m'khoma, moto wophikira pomwepo, mumazindikira kuti munthu amene dzina la mzinda wathu linachokera kwawo anali mwana wa amphawi, amene anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Nyumbayi anaikonzanso n'kuitsegula mu 2021, ndipo tsopano imafotokozanso za Aafirika amene ankayenda naye, monga Susi ndi Chuma, amene ananyamula thupi lake kuchokera kwa Chitambo ku Zambia mpaka kunyanja yaikulu. Kwa ife amene tinangomva mbali imodzi ya nkhaniyi kusukulu, pali zambiri zoti tiganizire. Ubale wa Scotland ndi Malawi ndi wamoyo mpaka lero, maboma awiriwa anasainirana mgwirizano mu 2005, ndipo musadabwe gogo wina pa basi akakupatsani moni wa Chichewa.

Ku London, British Museum, Natural History Museum ndi Science Museum kulowa n'kwaulere. Pa bwalo la St Thomas' Hospital, moyang'anana ndi nyumba ya malamulo kutsidya la Thames, pali chiboliboli cha Mary Seacole, namwino wa ku Jamaica amene anasamalira asilikali pa nkhondo ya ku Crimea. Chinaimikidwa mu 2016, ndipo namwino wakuda aliyense ayenera kukaima pamenepo kamphindi. Mukawoloka mlatho mwafika ku Westminster Abbey kumene kuli manda a Livingstone. Alendo amalipira, koma mapemphero a madzulo ndi aulere. Amene muli kumpoto, Liverpool ndi North Shields ndi malo amene Dr Hastings Kamuzu Banda anagwirako udokotala asanasamukire ku London.

Mukalakalaka madzi ndi mapiri, kuli Lake District, Loch Lomond, gombe la Wales, ndi Giant's Causeway ku Northern Ireland. Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku UK, ndi mamita 1,345, osafika ndi theka lomwe la Sapitwa wa pa Mulanje amene ndi 3,002, koma musalipeputse: nyengo imatembenuka mwadzidzidzi, ndipo pamwamba pamazizira ngakhale m'chilimwe. Nsapato zolimba, jekete losalowa madzi, ndi munthu wodziwa kumene mwapita, zimenezo n'zosakambirana.

Nyengo ndi imene imalamula maulendo. Mu Juni kumawala mpaka cha m'ma 9 kapena 10 usiku, ndiye mapiri ndi nyanja muziike pamenepo. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mumapita ku ntchito kuli mdima n'kubwerera kuli mdima, ndipo mtima umatha kugwa osadziwa chifukwa chake. Nthawi imeneyo tulukani masana ngakhale kwa ola limodzi. NHS imalangiza vitamin D ya mamaikirogalamu 10 tsiku lililonse m'miyezi yozizira, ndipo kwa ife a khungu lakuda chaka chonse. Chisoni chikapitirira milungu, pitani kwa GP wanu, dokotala wa m'dera lanu, kapena ku ofesi ya zaumoyo wa ogwira ntchito. Pezaninso Amalawi anzanu, amasonkhana m'mizinda yambiri makamaka pa 6 Julaye, koma musakane anzanu a m'wodi akakuitanani kokayenda. Ndi amene amadziwa timalo tabwino tosalembedwa paliponse.

Za kutuluka m'dzikolo samalani. Viza ya UK si ya ku Ulaya konse. Kuti mupite ku France, Spain kapena Italy ndi pasipoti ya Malawi mufunika viza ya Schengen, imene mumafunsira muli ku UK komweko ku ofesi ya dziko limene mukakhaleko masiku ambiri, mutatenga kalata ya kuntchito, masitetimenti a ku banki, inshuwalansi ndi umboni wa kogona. Malo okaperekera mapepala amadzaza msanga chilimwe chikayandikira. Republic of Ireland ili ndi viza yakeyake. Basi yochoka ku Belfast kupita ku Dublin siima pa chipata chilichonse, koma kukwera opanda viza ya Ireland ndi mlandu umene ungaononge mapepala anu. Sunganinso kaundula wa masiku amene mwakhala kunja kwa UK, chifukwa pofunsira chilolezo chokhazikika amawerenga, ndipo malire ake ndi masiku 180 m'miyezi 12 iliyonse.

Tchuthi cha pachaka kwa woyamba kumene ku NHS ndi masiku 27, kuwonjezera pa masiku 8 a tchuthi cha boma. Ngati mukufuna milungu itatu yotsatizana yopita kumudzi, lankhulani ndi bwana wa wodi miyezi ingapo nthawi isanakwane, ndipo dziwani kuti mawodi a ana amadzaza kwambiri kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, pamenenso matikiti a Khirisimasi amakwera. Meyi kapena Seputembala amavomera mosavuta, ndipo kwathu kumakhala kopanda mvula. Musananyamuke pitani kwa GP kapena ku famase mukatenge mankhwala oteteza malungo. Chitetezo chimene thupi lanu linali nacho chimachepa mukakhala nthawi yaitali osalumidwa ndi udzudzu, ndipo ana obadwira kuno alibiretu. Muzigona m'neti usiku uliwonse, mumalize mankhwalawo monga mwauzidwira ngakhale mutabwerera, ndipo thupi likatentha m'miyezi yotsatira, uzani dokotala tsiku lomwelo kuti munali ku Malawi.